Pusi wa Kudambo ndi Nchima wa Kuphiri

M'dera la Mfumu Mwambo, chakumadzulo kwa nyanja ya Chilwa, palibe amene angafune buku kuti adziwe pusi. Mwana amamudziwa, nkhalamba imamudziwa, ndipo ambiri amamudziwa monga mbala ya m'munda. Koma munthu atafunsa anthu omwewo za nchima, mayankho angakhale ochepa. Ena adangomva dzina lokha kwa makolo awo, ena amayesa kuti nchima ndi dzina lina chabe la pusi. Owerengeka amene adakwerapo phiri la Zomba kukafuna nkhuni kapena kukagwira ntchito ya matabwa ndiwo anganene kuti adaonapo nyama yakuda, ya mchira wautali, ikudumpha m'nsonga za mitengo. Phirilo limaoneka bwino lomwe kuchokera ku Jali kapena ku Kachulu tsiku lopanda nkhungu, koma zimene zikuchitikira nyama za kumeneko sizimveka kudambo.

Nyama ziwirizi ndi zapachibale, ndipo m'mabuku a akatswiri a dziko lonse lapansi zidaikidwa m'gulu limodzi, la nyama zosadetsa nkhawa. Chikhalirecho tsogolo lawo m'boma la Zomba ndi losiyana kutalitali. Pusi, amene amagendedwa tsiku ndi tsiku, akuoneka kuti adzakhalapobe pamene ana a lero adzakhale ndi zidzukulu. Nchima, amene sadalakwirepo munthu wa kwa Mwambo, ndiye angathe kuzimirira mwakachetechete, wopanda womulira.

Pusi ndi wamng'ono pomuyerekeza ndi nyani. Ubweya wake ndi wotuwa, nkhope yake ndi yakuda bii, ndipo pamphumi pake pamadutsa kamzere koyera. Akatswiri a zinyama amamutcha Chlorocebus pygerythrus, ndipo amapezeka kuchokera ku Ethiopia mpaka ku South Africa. Zofuna zake n'zochepa: madzi akumwa pafupi, ndi mitengo ingapo italiitali yogonamo usiku. Zotsalazo amadzionera yekha. Amadya zipatso, maluwa, masamba anthete, utomoni wa mthethe, ziwala, ngakhalenso mazira a mbalame. Amayenda pansi momasuka monga momwe amayendera m'mitengo. M'masaya mwake muli timatumba, kotero kuti akalowa m'munda sataya nthawi ndi kutafuna. Amangolonga chakudya m'masayamo nathawa, ndipo amakadyera kutali, ali phee panthambi.

Khalidwe lotereli ndilo lapulumutsa pusi m'dziko limene anthu ake akuchuluka chaka ndi chaka. Kalembera wa mu 1966 adapeza anthu 4 miliyoni m'Malawi; wa mu 2018 adapeza oposa 17 miliyoni. Thengo lambiri lasanduka minda, koma kwa pusi munda si chipululu ayi. Pamene padali masuku ndi mpoza pali mango, magwafa, mapapaya, chimanga, nandolo ndi mbatata, ndipo zonsezi amadya ndi mtima wonse. Manda a m'midzi, amene mitengo yake anthu amaopa kuidula, amamupatsa pogona. Kuonjezera apo, pusi wamkazi amatha kubereka chaka chilichonse, motero gulu likachepa chifukwa cha misampha kapena agalu silichedwa kubwerera mwakale.

Nzeru za pusi zidadabwitsa ngakhale anthu ophunzira kwambiri. Ku Amboseli, m'dziko la Kenya, Robert Seyfarth, Dorothy Cheney ndi Peter Marler adajambula kulira kwa apusi, nabisa zokuzira mawu m'tchire, n'kumaliza mawuwo popanda mdani aliyense pafupi. Zimene adapeza adazifalitsa mu 1980. Kukamveka kulira kochenjeza za kambuku, apusi ankathawira m'mitengo. Kukamveka kochenjeza za chiombankhanga, ankayang'ana kumwamba ndi kulowa m'zitsamba zowirira. Kukakhala kwa njoka, ankaimirira ndi miyendo iwiri n'kumasuzumira mu udzu. Ana a pusi poyamba amasokoneza, monga achitira mwana wa Sitandade 1 ndi zilembo: amatha kukuwa kuti kwabwera chiombankhanga ataona mbalame wamba, ngakhale tsamba likugwa. Amaphunzira pang'onopang'ono. Tsono mlimi akamanena kuti apusi amasiyanitsa mwana ndi munthu wamkulu, kapena munthu wa legeni ndi wa chimanjamanja, asasekedwe. Akunena zimene maso ake aona, ndipo sizili kutali ndi zimene akatswiri aja adapeza.

Apa m'pofunika kunena chilungamo, pakuti ambiri olemba za chilengedwe amakhala m'tauni ndipo chimanga chawo amagula pamsika. Kwa banja limene munda wake uli m'tsinde mwa phiri kapena m'mbali mwa mtsinje wa mitengo, pusi si choseweretsa. Gulu limodzi likhoza kuononga m'mawa umodzi ntchito ya masiku ambiri, ndipo chopweteka n'chakuti saononga zokhazo zimene akudya: amathyola dowe, kuluma kawiri, kutaya, n'kuthyolanso lina. Kuyambira pamene chimanga chabereka mpaka pokolola, padindiro payenera kukhala mlonda kuchokera mbandakucha, ndipo kawirikawiri mlondayo amakhala mwana amene akadayenera kukhala m'kalasi. Aphunzitsi a sukulu zoyandikana ndi mapiri amaidziwa bwino mipata imene imaoneka m'kaundula miyezi ya Febuluwale ndi Malichi. Amene akufuna kuuza banja lotere kuti likonde nyama zakutchire ayambe wamvetsa zimenezi. Akapanda kutero mawu ake adzangopita ndi mphepo.

Nchima ndi nkhani ina. Ndi wokulirapo kuposa pusi, ubweya wake ndi wakuda mosakanikirana ndi kutuwa, manja ake ndi akuda, pakhosi pake m'poyera, ndipo mchira wake ndi wautali kuposa thupi. Akatswiri ena amamutcha Cercopithecus mitis, ena Cercopithecus albogularis, malinga ndi momwe agawira mitundu ya m'banjali. Azulu amati insimango, ndipo m'menemo ndimo mudachokera dzina la samango limene limamveka ku South Africa. Aswahili amati kima, liwu losatalikirana ndi la Chichewa. Mudzi wake ndi nkhalango yobiriwira chaka chonse, ya mitengo yogundana nsonga, monga ya m'mapiri a Zomba, Mulanje, Ntchisi ndi Misuku, ndiponso msitu wowirira wa m'mphepete mwa mitsinje. Amakhala m'magulu a akazi apachibale ndi ana awo, ndipo kawirikawiri mwamuna wamkulu amakhala mmodzi yekha. Mwamunayo ali ndi liwu lakuya, lomveka ngati ng'oma ya kutsidya, ndi lina lakuthwa lochenjezera gulu. Kuona maso a nkhono n'kudekha: wofuna kuona nchima ayenera kukhala duu pansi pa mkuyu wobala, osatsokomola, mpaka nthambi zitayamba kugwedezeka.

Chakudya chake chachikulu ndi zipatso za m'nkhalango, ndipo zikasowa amadya masamba, maluwa ndi tizilombo. Mitengo ya m'nkhalango sibala nthawi imodzi. Uwu ukatha uwo umayamba, motero nchima amafuna mitundu yambiri ya mitengo kuti chaka chithe asadagone ndi njala. Kudula mitundu iwiri kapena itatu yokha kukhoza kutsegula miyezi ya njala pakati pa chaka, ngakhale nkhalangoyo ikuoneka yobiriwira ndithu kwa munthu wodutsa. Nchima amatsika pansi nthawi zina, koma sakonda kudutsa poyera potalika pamene agalu ndi anthu angamupeze. Nkhalango ikadulidwa pakati, magulu a mbali ziwirizo amakhala ngati anthu a pa chilumba cha Chisi opanda bwato. Amuna achinyamata, amene mwachibadwa amachoka kwawo kukafuna gulu lina, amasowa kolowera. Kubereka kwakenso n'kochedwa: wamkazi amayamba mochedwerapo kuposa pusi, ndipo nthawi zambiri pamapita zaka ziwiri kapena kuposerapo asadaberekenso. Nchima mmodzi akafa, malo ake satsekeka msanga.

Ntchito imene amagwira m'nkhalangomo palibe amamulipira. Akadya chipatso, njere zina amameza nakazitaya kutali m'ndowe zake, zina amazinyamula m'masaya nakazilavula pansi pa mtengo wina. Mwa njira imeneyi iye, pamodzi ndi mbalame ndi mileme, amabzala mitengo yambiri imene nazale za anthu siziifesa.

Mbiri ya phiri la Zomba ikuonetsa momwe nchima wapanikizikira. Phirili, limene nsonga yake imapitirira mamita 2,000, lidakhala nkhalango yotetezedwa ndi boma mu 1913. M'zaka zotsatira, mbali yaikulu ya pamwamba pake idabzalidwa paini wochokera ku Mexico pofuna matabwa, ndipo mitengo yachilengedwe idatsala makamaka m'zigwa ndi m'mphepete mwa mitsinje monga Mulunguzi. Paini sabala zipatso zonga zimene nchima adazolowera. Anchima adayamba kusenda makungwa a painiyo, ndipo mtengo wosendedwa umauma nsonga kapena kupindika, osaperekanso thabwa labwino. M'zaka za m'ma 1980 Mngelezi wina, Mark Beeson, adakhala akutsatira anchima a paphiripo, ndipo mu 1987 adafalitsa zimene adapeza pa za kusenda makungwaku. Mu 1989 adalembanso za momwe nyamazi zimavutikira ndi chakudya nyengo zina za chaka. Kwa anthu a matabwa nchima adasanduka mdani, chimodzimodzi pusi kwa mlimi. Kusiyana kwake n'kwakuti pusi adatsata munda wa munthu, pamene nchima munda ndiwo udamutsata kwawo.

Kuchokera nthawi imeneyo zinthu zaipiraipira. Moto wolusa wa m'chilimwe, macheka ndi mauvuni a makala zadya mbali zambiri za phiri la Zomba ndi la Malosa, ndipo aliyense woyenda pamsewu wa ku Liwonde amakumana ndi njinga zosenza matumba a makala. Mabanja oposa 9 mwa 10 alionse m'Malawi amaphikira nkhuni kapena makala. Lamulo la nkhalango la mu 1997 lidakhwimitsidwa mu 2020, komatu lamulo siliphika nsima, ndipo malinga ngati mayi wa m'tauni alibe china chophikira, wootcha makala adzakwerabe phiri. Amene akuganiza kuti phiri lalikulu chotere silingathe mitengo akaone la Ndirande ku Blantyre, limene lidametedwa mpala m'zaka za m'ma 1990, kapena la Thyolo, limene nkhalango yake idasanduka minda kumapeto kwa zaka zomwezo ndi kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2000. Ku Thyolo komweko kuli esiteti yotchedwa Nchima. Dzina lokha silivuta kusunga.

Choopsa china n'chakuti kutha kwa nchima sikuonekera msanga. Nyamayi imatha kukhala ndi moyo zaka 20 kapena kuposerapo. Gulu lotsekeredwa m'kachidutswa ka nkhalango likhoza kumaonekabe chaka ndi chaka, alendo n'kumalijambula, anthu n'kumati anchima alipo ambiri, pamene ana obadwa ndi kukula m'gululo akucheperachepera. Lili ngati mudzi umene achinyamata onse adapita ku Joni, wotsala ndi nkhalamba zokhazokha: utsi umafukabe m'nyumba, koma mudziwo watha kale.

Nanga bwanji mabuku akuti nchima sadetsa nkhawa? Bungwe la IUCN, limene likulu lake lili ku Switzerland, lakhala likusunga ndandanda wa zamoyo zimene zili pangozi kuyambira mu 1964. Ndandandawu uli ngati makwerero: pansi pali zosadetsa nkhawa, pamwamba pake zoyandikira ngozi, kenaka zimene zili pangozi m'magawo atatu, ndipo pamapeto pake zimene zidatha. Pusi ali pakhwerero lapansi. Nchimanso, pomutenga monga mtundu wonse, ali pomwepo. Izi si zabodza, chifukwa funso limene ndandandawu umayankha ndi lakuti: kodi mtundu uwu ungathe pa dziko lonse lapansi? Popeza abale a nchima akadali ochuluka m'nkhalango za Congo, Uganda, Kenya ndi Tanzania, yankho ndi lakuti ayi. Koma funso la munthu wa ku Zomba ndi lina: kodi paphiri ili nchima adzakhalapobe? Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Nchima wa ku Kakamega sangabzale mtengo ku Mulunguzi.

Anthu a ku South Africa adaona kusiyana kwa mafunso awiriwa. M'ndandanda wa dziko lawo wa mu 2016 adawerengera anchima awo paokha, napeza kuti a m'nkhalango zina za kumapiri ali pangozi ndithu. Ku mapiri a Soutpansberg, kumene magalimoto amagunda anchima podutsa msewu, adayesa timilatho ta nsungwi tolumikiza mitengo ya mbali ziwiri, ndipo anchimawo adaphunzira kuolokerapo.

Nkhani ya abale awiri, wina wopirira wina wosachedwa kugonja, si ya ku Africa kokha. Ku South America kuli apusi otchedwa capuchin. Dzinali lidachokera kwa ansembe achikatolika a chipani cha Capuchin, chifukwa ubweya wa pamutu pa nyamazi udakumbutsa Azungu oyamba kuziona za chipewa cha mkanjo wa ansembewo. Ngakhale msinkhu wawo sutalikirana ndi wa pusi, si abale ake apafupi: alibe timatumba ta m'masaya, ndipo mchira wawo umatha kukulunga nthambi ndi kuchirikiza thupi, chinthu chimene pusi ndi nchima sangachite. Mu 2012 akatswiri adawagawa pawiri: a thupi lojintcha ndi nsagwada zolimba, otchedwa Sapajus, ndi oonda a miyendo yaitali, otchedwa Cebus.

Mmodzi mwa ojintchawo, Sapajus apella, ndiye pusi wa kumeneko. Amapezeka m'chigawo chachikulu cha nkhalango ya Amazon, sasankha chakudya, nsagwada zake zimaswa njere zolimba za mitengo ya mtundu wa kanjedza zimene anzake oonda zimawakanika, ndipo amakhala ngakhale m'nkhalango zimene zidadulidwapo n'kuphukiranso. Iyeyu ali pakhwerero lapansi. Koma chakum'mawa kwa Amazon, m'zigawo za Maranhão ndi Pará m'dziko la Brazil, kuli Cebus kaapori, amene sayansi idangomudziwa mu 1992, ndipo dzina lake lidatengedwa kwa anthu a mtundu wa Ka'apor okhala kumeneko. Dera lake ndi laling'ono, ndipo lili m'mbali ya Amazon imene yadulidwa kwambiri chifukwa cha matabwa ndi msipu wa ng'ombe. Salimba m'nkhalango yosokonezedwa, ndiponso alenje amamusaka. Ali pakhwerero lomaliza la nyama zimene zikadalipo kutchire, ndipo adaikidwapo pa ndandanda wa mitundu 25 ya anyani ndi apusi imene ili pangozi koposa pa dziko lonse. Pamene anthu ophunzira ankamupatsa dzina n'kuti mudzi wake utayamba kale kupsa.

Apusi a ku Brazil amenewa ndi anzeru kwambiri. Ku Serra da Capivara mtundu wina wa Sapajus umaswa njere ndi miyala, ndipo mu 2019 ofukula zakale adaonetsa kuti wakhala ukuchita zimenezi pamalopo kwa zaka pafupifupi 3,000. Komabe mbale wake wa pachifuwa pachikasu, Sapajus xanthosternos wa ku Bahia, wa nsagwada zolimba chimodzimodzi, ali pakhwerero limodzi ndi kaapori, chifukwa nkhalango ya m'mphepete mwa nyanja ya Atlantic imene amakhalamo idatsala tizidutswa. Chopulumutsa nyama si nzeru zokha ayi, koma kukula kwa dera lake ndi kutha kwake kukhala pamalo pamene munthu wasintha. Pa chinthu chimodzi kaapori ali ndi mwayi: ali ndi dzina lakelake m'ndandanda, motero dziko limamva kulira kwake. Nchima wa ku Zomba wabisika m'dzina la abale ake ochuluka a kutali.

Wina angafunse kuti zonsezi zikumukhudza bwanji mlimi wa mpunga wa kwa Mwambo, amene sadaonepo nchima ndipo mwina sadzamuona. Yankho lili m'madzi. Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Imadalira mvula ndi mitsinje yolowamo, monga Domasi, Likangala, Thondwe, Namadzi ndi Phalombe. Likangala ndi Domasi zimachokera m'mapiri a Zomba ndi Malosa, ndipo Mulunguzi, mtsinje wa anchima uja, umathira m'Likangala utamwetsa mzinda wa Zomba. Ena mwa madzi amene amathirira mpunga pa sikimu ya Likangala amayamba ulendo wawo pansi pa mitengo imene nchima amagonamo. Nkhalango imagwira mvula ngati chinkhupule, n'kumaitulutsa pang'onopang'ono mpaka m'chilimwe. Phiri lopanda mitengo limataya madzi onse nthawi imodzi pamodzi ndi dothi lake. Dzinja kumakhala kusefukira, chilimwe mchenga wokhawokha, ndipo matope amakakwirira ngalande za sikimu ndi nyanja imene ili kale yosaya.

Nyanjayi idaphwa mu 1968, mu 1995, ndiponso mbali yake yaikulu mu 2018. Kungakhale kunama kunena kuti idaphwa chifukwa cha kudula mitengo kokha, pakuti yakhala ikuphwa ndi kudzazanso kuyambira kalekale malinga ndi mvula. Koma nyanja ikaphwa, matemba, makumba ndi milamba zimabisala m'maiwe a m'mitsinje ndi m'madambo a kumathiriro, ndipo ndi mbewu imeneyo imene imadzazanso nyanja madzi akabwerera. Mtsinje wouma chilimwe ulibe dziwe losungira mbewu. Msodzi wa ku Kachulu, wogona m'chimbowera pakati pa njedza, ndi womangika ku nkhalango ya paphiri kuposa momwe amaganizira. Mu 1997 Chilwa idakhala dambo loyamba la Malawi kulowa m'pangano la Ramsar, makamaka chifukwa cha mbalame zake za m'madzi, ndipo mu 2006 bungwe la UNESCO lidaipatsanso ulemu wake. Ulemuwo udapita kwa mtsuko, pamene wotunga madziwo ndi phiri.

Chingwechi chimakokanso mbali inayo. Nsomba zambiri za ku Chilwa zimawambidwa pamoto, ndipo kudambo kulibe mitengo yokwanira, motero nkhuni zimachokera ku mapiri ozungulira. Njerwa za nyumba zamalata zimene zikumangidwa m'midzi nazonso zimapsa ndi nkhuni. Choncho munthu wa kwa Mwambo, ngakhale sadagendepo nchima, ali ndi gawo lake pa kutha kwa mitengo ya kumapiri. Pulogalamu yothandiza anthu a m'chigwa cha Chilwa pa za kusintha kwa nyengo, imene idayamba mu 2010, idabweretsa mauvuni owambira nsomba osadya nkhuni zambiri, ndi tinyumba ta pulasitiki toumitsira matemba ndi dzuwa. Zinthu zotere sizitchula nchima n'komwe, koma zimamuthandiza kuposa chikwangwani chilichonse cholembedwa dzina lake.

Izi sizikutanthauza kuti pusi achitidwe momwe anthu afunira poti ndi wochuluka. Lamulo la nyama zakutchire la mu 1992, limene lidakonzedwanso mu 2017, silimulola munthu kusunga kapena kugulitsa nyama yotetezedwa popanda chilolezo. Komabe ana a pusi amagulitsidwabe, atamangidwa chingwe m'chiuno. Wogula sadziwa, kapena safuna kudziwa, kuti kawirikawiri mwana wa pusi amalekana ndi amake amakewo ataphedwa. Kanyamako kakakula kamayamba kuluma, ndipo mwini wake amakamangirira pamtengo moyo wake wonse. Ku Lilongwe Wildlife Centre amalandira apusi ndi anyani otere, nawazoloweretsanso kukhala m'gulu, ndipo magulu ena adakamasulidwa ku nkhalango ya Kasungu. Ntchitoyi ndi yabwino, koma imatheka chifukwa pusi angakhale m'thengo lililonse la madzi. Nchima wopulumutsidwa angaperekezedwe kuti nkhalango yake itatha?

Mankhwala a nyama ziwirizi ndi osiyana, ndipo kuwasokoneza n'kutaya nthawi. Kwa pusi chofunika ndi kuchepetsa mkangano wake ndi mlimi: mabanja oyandikana minda kulondera mosinthana kuti ana asajombe kusukulu, kubzala m'malire mwa thengo mbewu zimene iye sazikonda monga tsabola, ndiponso kuleka kumuponyera zakudya pamalo ochezera alendo, pakuti pusi wozolowera dzanja la munthu ndiye amasanduka mbala yolimba mtima.

Za nchima n'zotenga nthawi. Chaka chilichonse, kuyambira mu Disembala mpaka mu Epulo, dziko limakhala pa nyengo yobzala mitengo, ndipo sukulu zambiri zimatengapo mbali. Mbande zochuluka zimakhala za bulugamu, paini ndi kesha. Mitengo imeneyi ndi yofunika, chifukwa ndiyo ingapereke nkhuni ndi milimo pafupi ndi nyumba kuti nkhwangwa isakwere phiri. Koma m'kaundula wa nchima siwerengedwa. Iye amafuna mkuyu, katope ndi mitengo ina yobala ya m'nkhalango, yobzalidwa kapena yongosiyidwa kuti iphukire yokha m'mphepete mwa Mulunguzi, Domasi ndi Likangala, yolumikiza kachidutswa aka ndi ako mpaka nthambi zitagundana. Mbande zotere zimafuna kulambulira moto kuyambira mu Ogasiti mpaka mu Novembala kwa zaka zingapo zotsatizana, ndipo moto wa tsiku limodzi wa osaka mbewa umatha kufafaniza zonse. Bulugamu amayamba kudulidwa milimo patangopita zaka zochepa. Mkuyu wobzalidwa ndi wophunzira wa Fomu 4 chaka chino udzayamba kusenza gulu la anchima iye ali kale ndi banja lake.